PEPALA NDI NCHITO: MBIRI YA ZOLEMBA ZA PA NCHITO KU ANGÓNIA

M'nyumba zambiri za kuno ku Angónia muli kacitini kapena kasutukesi kakale kamene sikatsegulidwa wamba. M'menemo simukhala ndalama. Mumakhala mapepala: khadi la fodya, malisiti, kalata ya ubatizo, citupa, khadi la kusikelo la mwana, ndipo kwina mukali kabuku ka msonkho kamene agogo anasiya. Ambiri a ife tinasunga mapepala amenewa zaka zambiri tisanadziwe kuwawerenga. Tinali kudziwa cinthu cimodzi cokha, cakuti pepala likatayika mlandu wabadwa.

Mapepala otere si nthano, si nyimbo, ndiponso si makalata opatsana moni. Ndi zolemba za pa nchito. Amalembedwa kuti cinthu cicitike: kuti munthu alipidwe, kuti katundu anyamuke, kuti zimene msonkhano wagwirizana zisaiwalike. Kulemba kotere ndi luso palokha, ndipo kumaphunziridwa monga umisiri wina uliwonse. Koma tisanayambe kuphunzira lusoli, tiyeni tione mbiri yake kwathu kuno. Mbiriyo itionetsa kuti pepala linayamba kutilamulira kalekale, ife tisanagwire colembera.

KULEMBA KUNABADWIRA PA NCHITO

Anthu ena amaganiza kuti kulemba kunayamba ndi mabuku. Si tero ai. Zina mwa zolemba zakale koposa pa dziko lapansi zinafukulidwa ku Uruk, m'dziko limene lero ndi Iraq. Zinalembedwa pa timapale ta dothi zaka zoposa 5,000 zapitazo. Akatswiri ataziphunzira anapeza kuti zambiri ndi ziwerengero: mbeu zolowa m'nkhokwe, nkhosa, nsalu, ndi phoso lopatsidwa kwa anchito. Olemba oyamba anali akalaliki a nkhokwe.

Makolo athu analibe pepala, koma anali ndi njira zao zosungira mau. Acewa amene anali kukhala m'mapiri muno, ndi Angoni a Maseko amene anadzakhazikika kufupi ndi phiri la Domwe m'zaka za m'ma 1800, anali kutuma uthenga ndi mthenga wodalirika, woloweza mau a mfumu osaonjezera kapena kucotsako. Masiku a ulendo anali kuwerengedwa ndi mfundo pa cingwe. Munthu akakongola mbuzi, kapena akapatsidwa munda, zinali kucitika pamaso pa mboni. Mboni ndiyo inali kalata yathu. Njira imeneyi inali yolimba pakati pa anthu odziwana. Inali kufooka pamene mboni yamwalira, kapena pamene mlandu wafika kwa mlendo wosadziwa anthu athu.

Mlendo wotereyo anafikadi. Pa 11 Juni 1891, ku Lisbon, Portugal ndi Britain anasaina pangano logawana maiko a kuno. Mzere wao unadzera pamwamba pa mapiri athu, nusiya abale ena ku Dedza ndi ku Ntcheu, ena kuno. Mafumu a kuno sanafunsidwe. Pepala limenelo linasintha moyo wathu, cikhalireco linalembedwa kutali, m'zinenero zimene makolo athu sanali kuzimva.

MAPEPALA A ATSAMUNDA

Apwitikizi atakhazikika, anamanga boma lao pa Vila Coutinho, pamene lero ndi pa Ulongwe. Mphamvu yao inali m'mfuti, komanso inali m'mabuku a mu ofesi. Caka ndi caka anali kuwerenga nyumba ndi amuna a m'mudzi uliwonse, nalemba maina ao m'buku la msonkho.

Mu 1899 Portugal inatulutsa lamulo la nchito, lokonzedwa ndi bungwe limene mtsogoleri wake anali António Enes. Lamulolo linati mwamuna aliyense wacikuda ayenera kugwira nchito, ndipo akapanda kuonetsa kuti akugwira, boma lingathe kumukakamiza. Mu 1928 kunabwera lamulo lina la nchito. Pansi pa malamulo amenewa mwamuna anayenera kuyenda ndi kabuku kochedwa caderneta. M'kabukumo munali dzina lake, mudzi wake, mfumu yake, cidindo ca cala cake, msonkho umene analipira, ndi nchito imene anagwira. Munthu sanali kuloledwa kucoka m'dera lake popanda cilolezo colembedwa.

Mu 1942 bwanamkubwa wa Moçambique, José Tristão de Bettencourt, anatumiza kalata ku maboma onse. Kalatayo inati amuna a zaka 18 mpaka 55 aonetse kuti agwira nchito yovomerezeka miyezi 6 pa caka. Wosaonetsa anali kuyesedwa mlesi, ndipo asupayi anali kumugwira kupita naye ku cibalo. Tiyeni tione bwino apa. Iyi inali kalata ya mu ofesi, yolembedwa ndi makina, yosainidwa ndi munthu mmodzi. Koma inacotsa amuna ambirimbiri m'midzi, kuwapititsa ku misewu ndi ku minda ya azungu. Amuna ambiri a ku Angónia anakathera mphamvu zao m'minda ya nzimbe ya kumunsi kwa Zambezi, akazi natsala okha ndi khasu.

Mwini caderneta sanali kudziwa zolembedwamo. Nchito yake inali kudinda cala. Pakati pa iye ndi bwana panali womasulira ndi kalaliki. Iwowa akalakwitsa, kapena akanama, wolangidwa anali mwini kabuku, amene anali kumenyedwa m'manja ndi thabwa la mabowo lochedwa palmatória.

Munthu akafuna kupempha kanthu ku boma, anayenera kulemba requerimento, ndiyo kalata yopempha. Kalatayo inali kulembedwa m'Cipwitikizi, pa pepala la sitampa la mizere 25, logula ndi ndalama. Wosadziwa kulemba anali kulipiranso munthu womulembera. Motero wosauka anali kulipira kawiri asanamve yankho. Makalata a boma anali kutha ndi mau akuti "A Bem da Nação", ndiko kuti, kaamba ka ubwino wa dziko. Koma dziko lonenedwalo silinali kutiwerengera ife ngati nzika. Malamulo osiyanitsa anthu akuda ndi nzika anathetsedwa mu 1961, nkhondo ya ufulu itayamba kale ku Angola.

TIKITI NDI CITUPA

Pothawa cibalo ndi msonkho, amuna ambiri anapita kunja. Mu 1913 Portugal inapangana ndi Southern Rhodesia, imene lero ndi Zimbabwe, kuti azungu a kumeneko azilemba anchito m'cigawo ca Tete, kufikira 15,000. Ena sanadikire olemba anthuwo. Anali kuoloka malire usiku, kulowa m'Nyasaland, imene lero ndi Malawi, ndi kupeza citupa kumeneko, popeza cinenero ndi mafuko zinali zimodzi. Kucokera uko anali kupita ku Halale, ku migodi ya Wankie ndi Shamva, ena mpaka ku Joni.

Kumeneko anakumana ndi pepala lina, tikiti. Tikiti inali ndi malo 30. Tsiku lililonse munthu akaweruka, kapitawo anali kuconga malo amodzi. Malipiro anali kubwera tikiti ikadzaza, osati mwezi ukatha. Tsiku lodwala silinali kucongedwa. Lamulungu silinali kucongedwa. Ku migodi ya ku Joni, kapitawo akaona kuti nchito ya tsikulo yapelewera, anali kupereka tikiti ya lofa, tsikulo nilipita pacabe. Cifukwa cake tikiti imodzi inali kutenga masiku oposa mwezi. Anchito ena anayamba kusunga ciwerengero caocao, ndi mfundo pa cingwe kapena mizere pa khoma, kuti asaberedwe.

Pa mgodi uliwonse panali mabalani, ndiye kalaliki wacikuda wolemba maina ndi matikiti. Ambiri a iwo anali ocokera ku Nyasaland, ophunzira m'sukulu za mishoni. Mabalani anali kukhala pamthunzi, anzake ali pansi pa nthaka. Ena a iwo anagwiritsa nchito colembera kupondereza anzao. Koma ena anacitembenuza. Clements Kadalie, amene anaphunzira ku Livingstonia, anagwirapo ukalaliki ku migodi ya Southern Rhodesia. Mu 1919 anayambitsa bungwe la anchito lochedwa ICU ku Cape Town. Luso lomwelo la kulemba makalata, mindandanda ya maina ndi madandaulo linakhala cida ca anchito.

Kumudzi nako pepala linali kufika. Mwamuna akatumiza kalata ndi ndalama, mkazi anali kupita nayo kwa mphunzitsi kapena kwa mwana wa sukulu kuti amuwerengere. Cinsinsi ca banja cinali kudziwika kwa munthu wacitatu. Ndipo kalata zikaleka kubwera, anthu anali kunena kuti uje walowa m'gulu la machona.

CINENERO CA PEMPHERO NDI CINENERO CA OFESI

Nanga kulemba tinakuphunzira kuti? Pofika caka ca 1910, ansembe a Cikatolika a gulu la Jesuit anali atatsegula mishoni ya Lifidzi, ndipo amishoni a Dutch Reformed ocokera ku Nyasaland anali atatsegula ya Mphatso. M'sukulu zao za m'midzi ana ndi akulu anaphunzira kuwerenga Cinyanja. Aphunzitsi ndi akatekisti anali kulemba maina a ophunzira, a obatizidwa ndi a okwatitsidwa, ndi kutumiza malipoti ku mishoni. Awa ndiwo anthu oyamba a kuno amene kulemba kunali mbali ya nchito yao.

Mu 1922 boma la Apwitikizi linatseka mishoni za Dutch Reformed m'dera lino. Caka comweco Buku Lopatulika linasindikizidwa lathunthu m'Cinyanja, ndipo linali kulowa kuno m'mitolo ya anthu ooloka malire. Mu 1940 Portugal inapangana ndi Vatican, ndipo mu 1941 maphunziro a ana acikuda anaperekedwa m'manja mwa mishoni za Cikatolika. Lamulo linati maphunziro akhale m'Cipwitikizi. Zinenero zathu zinaloledwa pophunzitsa cipembedzo. Ansembe a Jesuit anapitiriza kusonkhanitsa mau a Cinyanja, ndipo mu 1963 buku lao lomasulira mau a Cinyanja m'Cipwitikizi linasindikizidwa ku Lisbon.

Cotsatira cake cinali cakuti tinakhala ndi zinenero ziwiri za pa pepala. Cinyanja cinali ca pemphero, ca nyimbo ndi ca kalata yopita kwa mbale. Cipwitikizi cinali ca msonkho, ca mlandu ndi ca malipiro. Munthu amene anali kuwerenga bwino m'chalichi anali kusanduka mbuli akafika pa zenera la ofesi. Ana ambiri anali kulekeza sukulu asanadziwe Cipwitikizi cokwanira kulemba kalata ya boma.

UFULU NDI KUSOWA KWA ALEMBI

Pa 25 Juni 1975 Moçambique inalandira ufulu. Pa nthawiyo anthu pafupifupi 93 pa 100 alionse sanali kudziwa kulemba ndi kuwerenga. Apwitikizi ambiri anacoka, ndipo pamodzi nao panacoka akalaliki, osunga mabuku a ndalama ndi oyang'anira masitolo. Maofesi anatsala ndi makabati odzaza mapepala, koma owadziwa anali ocepa.

Tsono nchito yolemba inacuruka kuposa kale. M'midzi ndi m'malo a nchito munakhazikitsidwa magulu ochedwa grupos dinamizadores, ndipo gulu lililonse linafuna mlembi. Makoparetivu anafuna wolemba masiku amene membala aliyense wagwira, ndi wowerengera zokolola. Minda imene azungu anasiya kuno inaphatikizidwa kukhala munda waukulu wa boma wochedwa CAIA, wolima cimanga, tirigu, mbatata ya kacewere ndi zipatso. Munda wotere sungayende popanda mabuku a mafuta, a feteleza, a zitsulo za mathirakitala ndi a malipiro. Makalata a boma tsopano anali kutha ndi mau akuti "Unidade, Trabalho, Vigilância", ndiko kuti umodzi, nchito ndi kukhala maso.

Mu 1976 boma linakhazikitsa ofesi yoona za maphunziro a akulu, ndipo mu Julayi 1978 Pulezidenti Samora Machel anatsegula kampeni yoyamba ya dziko lonse yophunzitsa akulu kulemba ndi kuwerenga. Kampeniyo inayambira m'malo a nchito: m'mafakitale, m'minda ya boma, m'makoparetivu ndi pakati pa asilikali. Atsogoleri anaona kuti dziko silingayende ngati anchito sangathe kulemba za nchito yao. Anthu ambiri anaphunzira. Kalembera wa 1980 anaonetsa kuti osadziwa kuwerenga anatsika kufika pa 72 pa 100 alionse.

Koma tinene zoona zonse. Maphunzirowo anali m'Cipwitikizi cokha. Mai wa ku Domwe kapena ku Tsangano anayenera kuphunzira zinthu ziwiri nthawi imodzi, zilembo ndi cinenero cacilendo. Ambiri analefuka nasiya. Vuto lina linali la malipoti. Pamene akulu a nchito ayembekeza kumva zabwino zokhazokha, mlembi amayesedwa kulemba zokolola zimene sizinalowe m'nkhokwe. Lipoti lotere limasangalatsa tsiku limodzi, koma pulani yomangidwa pa ilo imagwa. Pa msonkhano wake waukulu wacinai mu 1983, cipani ca Frelimo cinavomereza kuti minda ikuluikulu ya boma sinayende bwino, ndi kuti alimi a m'mabanja ananyalanyazidwa. Ndiponso m'zaka zimenezo munthu anafunika guia de marcha, kalata ya ulendo, kuti ayende kutali ndi kwao. Akulu amene anayendapo ndi caderneta anaona kuti pepala lingathe kumanga munthu ngakhale m'dziko la ufulu.

NKHONDO NDI MAKADI

Pakati pa zaka za m'ma 1980 nkhondo ya pakati pa boma ndi Renamo inafika m'mapiri muno. Masukulu, zipatala ndi maofesi ambiri anaonongeka, ndipo mabuku ambiri anapsa. Kupezeka ndi pepala la mbali ina kunali kotheka kuphetsa munthu, motero ena anakwirira zitupa zao, ena anaziocha. Anthu ambiri a ku Angónia ndi ku Tsangano anathawira kwa abale ku Dedza ndi ku Ntcheu. Malawi inasunga othawa nkhondo a ku Moçambique pafupifupi miliyoni imodzi.

Kumeneko moyo unali pa khadi la cakudya. Pa khadipo panali kulembedwa ciwerengero ca anthu a m'banja, ndipo ufa, nyemba ndi mafuta zinali kuperekedwa monga mwa ciwerengeroco. Nambala imodzi ikalakwika, mwana mmodzi anali kugona ndi njala. Ena mwa ife anaphunzira kuwerenga Cicewa komweko, m'sukulu ndi m'machalichi.

Pangano la mtendere linasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992. Titabwerera tinapeza minda itamera chire, ina italowedwa ndi anthu ena, ndipo ambiri tinalibe pepala lililonse. Apa lamulo la malo la 1997 linacita cinthu canzeru. Linavomereza kuti munthu kapena mudzi ungathe kutsimikiza kuti malo ndi ake mwa umboni wa pakamwa wa amuna ndi akazi a m'mudzimo. Mboni ya makolo athu inalowa m'lamulo lolembedwa. Izi zitiphunzitsa kuti pepala silinabwere kudzapha mau a pakamwa. Pepala labwino ndi mboni imene siiwala ndipo siimwalira.

CINYANJA CILOWA M'KALASI

Mu 1988 akatswiri a zinenero anakumana ku Maputo kuti agwirizane za kalembedwe ka zinenero za Moçambique, kuphatikizapo Cinyanja. Kuyambira 1993 mpaka 1997 boma linayesa kuphunzitsa ana m'zinenero ziwiri, Cinyanja ndi Cipwitikizi m'cigawo ca Tete, Xichangana ndi Cipwitikizi m'cigawo ca Gaza. Pambuyo pake njira imeneyi inafalikira ku zigawo zina. Malamulo aakulu a dziko a 2004 amati Cipwitikizi ndico cinenero ca boma, komanso amati boma lilemekeza zinenero zathu ndi kulimbikitsa kuti zikule. Kalembera wa 2017 anapeza kuti akulu 39 pa 100 alionse anali asanadziwe kulemba ndi kuwerenga, ndipo ambiri mwa iwo anali akazi. Tayenda mtunda wautali kucokera pa 93, koma ulendo sunathe.

Masiku ano mapepala a nchito atizinga mbali zonse. Mlimi wa fodya amasaina pangano ndi kampani, natenga mbeu ndi feteleza pa ngongole. Pogulitsa amalandira kapepala koonetsa kulemera kwa belo, geredi yake, mtengo wake, ndi ndalama zodulidwa kubweza ngongole. Wogulitsa mbatata ya kacewere amatumiza matumba ku Tete ndi ku Beira. Gulu la amai losunga ndi kubwereketsa ndalama lili ndi kaundula wake. Komiti ya mjigo ili ndi buku la zopereka. Kuyambira 2013 kuli M-Pesa, ndipo uthenga wa pa foni wasanduka lisiti. Lamulo la nchito la 2007 linati pangano la nchito likhale lolembedwa, ndipo likapanda kulembedwa wanchito asataye ufulu wake. Zonsezi zithandiza munthu amene angathe kuwerenga ndi kuyankha.

PHUNZIRO LA ZOLEMBA ZA PA NCHITO

Tsopano tingathe kumvetsa cifukwa cake kulemba kwa pa nchito kuli phunziro palokha. M'sukulu za sekondale za dziko lathu ana amaphunzira kulemba requerimento, acta ndi relatório. M'maiko ambiri muli maphunziro apamwamba a luso limeneli, ophunzitsa kulemba malipoti, malangizo a makina ndi mapepala a mankhwala. Maiko ena anaika ndi malamulo omwe. Ku South Africa lamulo loteteza ogula la 2008 limafuna kuti mapepala opatsidwa kwa ogula alembedwe m'mau osavuta. Ku United States lamulo la 2010 limalamula maofesi a boma kulembera anthu momveka. Ngakhale kumene sukulu zili zambiri, anthu anaona kuti pepala losamveka limapweteka.

Zolemba zimene tikumana nazo kawirikawiri ndi izi. Lisiti, kapena recibo, litsimikiza kuti cinthu calandiridwa. Kalata yopempha, requerimento, ipita kwa wa udindo. Acta isunga zimene msonkhano wagwirizana. Lipoti, relatório, lifotokoza nchito imene yacitika ndi imene yalephereka. Pangano, contrato, linena zimene mbali iliyonse idzacita. Ciliconse cili ndi maonekedwe ake, monga khasu, nkhwangwa ndi cikwakwa zisiyana cifukwa nchito zake zisiyana.

Tisanalembe tidzifunse mafunso anai. Ndani adzawerenga? Tifuna kuti acite ciyani akawerenga? Ayenera kudziwa ciyani kuti acite cimeneco? Kodi munthu amene panalibe adzamva, ngakhale patapita caka?

Tiyeni tione citsanzo. Wogula mbatata asiyira mlimi kapepala kotere: "Ndatenga mbatata. Ndalama pambuyo." Kapepala aka sikathandiza. Sikanena tsiku, sikanena matumba, sikanena mtengo, sikanena kuti pambuyo ndi liti. Tsono tione kena: "Lero, pa 6 Meyi, ine wosaina pansipa ndatenga matumba 12 a mbatata ya kacewere kwa mwini munda. Mtengo wa thumba limodzi tagwirizana ndi uwu. Ndalipira matumba 5. Ndalama za matumba 7 otsala ndidzalipira pa 20 Meyi." Pansi pake palembedwe mtengowo, maina a onse awiri, ndi dzina la mboni. Kuno kumalire tisaiwale kulemba ngati ndalamazo ndi mametikali kapena makwacha. Aliyense asunge kope lake.

M'kapepala kaciwirika mulibe mau apatali. Kulemba bwino pa nchito si kudzionetsa kuti ndife ophunzira. Ndi kulemba zoona, mwadongosolo, m'mau amene wowerenga angamve. Manambala alembedwe mooneka bwino. Tsiku lisasowe. Mlembi wa msonkhano awerenge mokweza zimene walemba anthu asanabalalike, kuti wotsutsa atsutse pomwepo. Ngati pepala liyenera kupita ku boma m'Cipwitikizi, tiyambe takambirana ndi kulemba mfundo zake m'Cinyanja, kuti tonse tidziwe cimene tikutumiza. Ndipo tisadinde cala kapena kusaina pa pepala limene sitinalimve. Kufunsa si manyazi. Akulu anati safunsa anadya phula.

Pali cinanso cimene mbiri yatiphunzitsa. Wodziwa kulemba pakati pa osadziwa ali ndi mphamvu, monga anali nayo womasulira wa pa Vila Coutinho ndi mabalani wa ku mgodi. Ife amene tikuphunzira lero, mawa tidzakhala alembi a magulu athu, a mipingo yathu ndi a makomiti athu. Anzathu adzatikhulupirira ndi ndalama zao ndi minda yao. Tisadzawacitire zimene agogo athu anacitiridwa. Mlembi wabwino amalemba zimene zanenedwa, amaonetsa buku kwa aliyense wofuna kuliona, ndipo amaphunzitsa wina kuti gulu lisadalire munthu mmodzi.

Agogo athu anayenda ndi kabuku kamene sanathe kukawerenga. Ife tili ndi mwai umene iwo anausowa. Pobwera ku phunziro lotsatira, aliyense atsegule kacitini kaja, asankhemo pepala limodzi losakhala la cinsinsi, abwere nalo. Tidzaliwerenga pamodzi, mzere ndi mzere, kufikira mwini wake atadziwa zimene lakhala likunena za iye.

MAFUNSO

1. Kodi zolemba zakale za ku Uruk zinali kunena za ciyani?
2. Makolo athu anali kusunga bwanji pangano pamene kunalibe pepala?
3. Chulani zinthu zitatu zimene zinali kulembedwa mu caderneta.
4. Cifukwa ciyani tikiti ya malo 30 inali kutenga masiku oposa mwezi?
5. Ndi vuto lanji limene akulu anakumana nalo pa kampeni ya 1978?
6. Lamulo la malo la 1997 linati ciyani za mboni?

NCHITO YOCITA

Khalani awiriawiri. Mmodzi akhale wobwereka thumba la cimanga, wina wobwereketsa. Lembani kapepala ka pangano lanu. Mukatha, patsani anzanu ena awerenge. Ngati afunsa funso limene kapepalako sikayankha, lembaninso.